Mkute sungasunge mphaka: chakudya cha mlonda wa nsomba ku Mangochi

Ku Msaka, ku Chembe, ku Malembo, ku Makawa ndi m'madoko ena a boma la Mangochi, chuma cha banja nthawi zambiri chimagona m'matumba ndi m'madengu: usipa wouma, utaka, kambuzi, ndi chimanga chogulidwa ndi ndalama za nsombazo. Mdani wa chuma chimenechi usiku ndi khoswe, ndipo mlonda amene mabanja ambiri amadalira ndi mphaka, amene ena kuno amati chona. Koma mukasuzumira m'mbale ya mlondayo mupezamo mkute wonyowetsedwa ndi madzi kapena msuzi wotsala dzulo. M'makomo ena mulibe ndi mbale yomwe, poti eni ake amakhulupirira kuti mphaka wokhuta sagwira khoswe. Ine ndikuona kuti kadyetsedwe kameneka nkolakwika, ndipo gwero lake si umphawi wokha. Ambiri sitidziwa kuti thupi la mphaka limafuna nyama yathunthu, mutu, mafupa, chiwindi ndi mtima womwe, ndiponso kuti kunyanja kuno chakudya chotere chimapezeka mosavuta kuposa m'maboma ambiri a dziko lino.

Amene akhala akukangana kwambiri pa nkhani imeneyi ndi anthu oweta kanyama kotchedwa ferret ku Britain, ku America ndi kumaiko ena a ku Ulaya. Ife kanyamaka sitiweta, koma abale ake timawadziwa: kanyimbi, chiuli, ndi katumbu amene amasambira m'miyala ya ku Otter Point ku Cape Maclear, onsewa ndi a banja limodzi ndi iko. Azungu anayamba kukaweta zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti kaziwatulutsira akalulu m'mauna. Matumbo ake ndi aafupi kwambiri moti chakudya chimadutsamo m'maola atatu kapena anayi okha, ndipo alibe chigawo chogayira zomera. Kwa zaka zambiri tinyamati takhala tikudyetsedwa chakudya chouma cha m'mapaketi chosakanizidwa ndi ufa wa mbewu. Ku America tinyama tambiri tikamakula timadwala chotupa cha m'kapamba chimene chimagwetsa shuga wa m'magazi, ndipo madokotala ena a ziweto amakayikira ufa umenewu, ngakhale kuti mkanganowo udakalipo. Nchifukwa chake oweta ena anatembenukira ku mbewa, anapiye a tsiku limodzi ndi zinziri, zogula zakufa kale ndi kusungidwa m'firiji. Chimene anapeza nchakuti kusintha nkovuta. Ferret amazolowera fungo la chakudya akadali wamng'ono, ndipo akapitirira miyezi isanu ndi umodzi akudya za m'paketi zokha, mbewa saiona ngati chakudya. Oweta amayamba kumunyambititsa nyama yopera yosungunula, kenako tizidutswa, kenako fupa, mpaka adzalandire nyama yathunthu patapita masabata kapena miyezi.

Mphaka wathu ali m'gulu lomwelo la nyama zimene sizingakhale ndi moyo wabwino popanda kudya nyama inzake. Kholo lake ndi vumbwe, mphaka wakutchire amene mpaka lero amapezeka m'tchire la Malawi. Anayandikira kwa anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo kumaiko a ku Middle East, pamene anthu anayamba kusunga tirigu, ndipo pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Chimene chinamukoka si tiriguyo koma mbewa zobwera kudzadya tiriguyo, ndipo thupi lake silinasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Mano ake 30 ndi obaya ndi odula, palibe opera. M'malovu ake mulibe mphamvu yoyamba kugaya ufa monga muliri m'malovu a munthu. Mu 2005 akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anasonyeza kuti lilime lake silimva nkomwe kutsekemera. Mu 2011 ofufuza a ku Netherlands anawerengetsa zimene amphaka ongodzisakira okha amadya, ndipo anapeza kuti pa mphamvu yonse ya m'chakudya chawo, 52 pa 100 imachokera ku zomanga thupi, 46 ku mafuta, ndipo 2 yokha ku zakudya za mtundu wa ufa ndi shuga. Galu ndi wosiyana. Kafukufuku wa ku Uppsala ku Sweden mu 2013 anaonetsa kuti m'zaka zokhala ndi alimi, thupi la galu linaphunzira kugaya ufa kuposa mmbulu umene anachokerako. Choncho banja likamaikira galu ndi mphaka mbale imodzi ya mkute, galu amapirira pang'ono, koma mphaka ndiye amapwetekeka.

Sikuti nsima ndi poizoni kwa mphaka. Ufa wophika bwino amatha kuugaya pang'ono, ndipo ngakhale chakudya cha m'sitolo chimakhala nawo. Vuto ndi zimene mu nsima mulibe. Choyamba ndi taurine, chinthu chopezeka m'minofu, makamaka mu mtima, m'nsomba ndi m'thupi la mbewa. Munthu ndi galu amadzipangira okha m'thupi, koma mphaka sapanga wokwanira. Mu 1975 zinadziwika kuti mphaka wosowa taurine amachita khungu pang'onopang'ono, ndipo mu 1987 Paul Pion ndi anzake a ku University of California ku Davis anapeza kuti kusowa komweko kumatupitsa mtima ndi kuufooketsa mpaka nyamayo kufa. Makampani opanga chakudya cha amphaka atawonjezera taurine, matenda a mtimawo anachepa kwambiri. Chachiwiri ndi vitamini A. Ife tikadya maungu, mbatata yofiira m'kati kapena bonongwe, thupi limadzipangira vitamini ameneyu. Mphaka sangathe, ayenera kumupeza wokonzeka kale m'chiwindi cha nyama. Palinso mafuta ena amene sapezeka m'zomera. Ndiye mphaka wa ubweya wothothoka, wa maso a manthongo, wobereka ana ofooka amene amafa sabata isanathe, kawirikawiri sanalodzedwe ndipo si wa mtundu woipa. Mimba yake imadzaza koma thupi lili ndi njala.

Wina anganene kuti basi tizimudulira mnofu wabwino. Apa ndi pamene oweta ferret aja anaphunzira mowawa, ndipo phunziro lawo likutikhudza. Mnofu wokha uli ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene thupi limafuna ziwirizi pa mlingo wofanana kapena woyandikana. Kashiamu ali m'mafupa. Mwana wa mphaka wodyetsedwa mnofu wokhawokha thupi lake limayamba kusungunula mafupa ake omwe kuti lipeze kashiamu, ndipo miyendo imapindika, msana umafooka, fupa limathyoka ndi kudumpha wamba. Chiwindi chokhachokha nachonso chimapweteka, poti vitamini A akachuluka amaumitsa mfundo za m'khosi. Nyama yathunthu imathetsa zonsezi popanda sikelo, chifukwa m'thupi la mbewa imodzi kapena la kansomba kamodzi mnofu, fupa, chiwindi, ubongo ndi mafuta zili pa mlingo wake. Izi si zachilendo kwa ife. Alangizi a kadyedwe akhala akutiuza kuti usipa ndi matemba, zodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, zimapatsa mwana kashiamu, ayironi, zinki ndi vitamini A kuposa mnofu wa chambo wochotsedwa minga. Nzeru imene tikuphunzitsa amayi kusikelo ndi yomweyo imene ikusowa pa mbale ya mphaka.

Koma pano pali msampha umene anthu a kunyanja angagweremo mosavuta, ndipo ndikufuna kuukhalira pang'ono. Kunena kuti yathunthu sikunena kuti yaiwisi, ndipo sikunena kuti nsomba yokhayokha. Nsomba zambiri za banja la carp zili ndi chinthu china m'thupi, makamaka m'matumbo, chimene chimaononga vitamini B1 nsombayo ikadyedwa yaiwisi. Izi zinadziwika m'zaka za m'ma 1930 ku Minnesota ku America, pamene nkhandwe zowetedwa chifukwa cha ubweya zinayamba kufa ziwalo zitadyetsedwa carp waiwisi, ndipo matendawo mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Chastek, mwini famuyo. Mphaka wosowa vitamini B1 amasiya kudya, amadzandira, khosi limagwera pachifuwa, kenako amakomoka. Usipa, matemba, nchila, mpasa ndi sanjika ndi nsomba zapachibale ndi carp, choncho nzeru ndi kusadyetsa mphaka nsomba zimenezi zaziwisi tsiku ndi tsiku. Mwayi wake ngwakuti moto umapha chinthu choonongacho. Kufutsa kumene amayi a m'madoko amachita kale, kuviika usipa m'madzi owira asanauyanike, ndi njira yokwanira, bola madziwo asakhale a mchere wambiri. Taurine amasungunukira m'madzi, ndiye pophikira mphaka ndi bwino kuthira madzi ochepa ndi kumupatsa msuzi womwewo, osautaya.

Chinanso ndi mafuta. Usipa ndi nsomba ya mafuta, ndipo mafuta a nsomba akakhalitsa padzuwa kapena m'thumba amavunda, nkuyamba fungo lowawa lija. Mafuta otere amamaliza vitamini E m'thupi, ndipo mafuta a m'thupi la nyamayo amatupa, kuuma ndi kusanduka achikasu. Mphaka wodwala chonchi amalira ukangomukhudza. Matenda omwewa ndi amene anapha ng'ona zoposa 100 mu mtsinje wa Olifants ku Kruger National Park ku South Africa mu 2008. Ngati ng'ona ikufa nawo, mphaka wa makilogalamu atatu sangalimbe. Chotero nsomba ikhale gawo la chakudya, osati chakudya chonse. Pambali pake pazikhala mbewa zimene wadzigwirira yekha, mtima, nthutumba ndi khosi la nkhuku tsiku lophera nkhuku, zotsala za mbuzi, dzira lophika mwa apo ndi apo, ndi ngumbi kapena ziwala nyengo yake ikafika, zimene amphaka amazikonda kale popanda wowaphunzitsa.

Tsopano ku mawu aja akuti mphaka wokhuta sagwira khoswe. Mawuwa ali ndi kachoonadi kake, ndipo sindikabisa. Mu 2021 ofufuza a ku University of Exeter ku England anapeza kuti amphaka opatsidwa chakudya cha nyama yambiri anachepetsa tinyama tobweretsa kunyumba ndi 36 pa 100. Koma amphakawo anali okhuta kale asanasinthidwe chakudya, ndipo kusaka sanasiye. Mwa mphaka, chilakolako chosaka ndi njala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 1976 Robert Adamec anasonyeza kuti mphaka amene ali pakati pa kudya chakudya chimene amakonda, akaona khoswe amasiya mbale, nkukapha khosweyo, nkubwerera kudzamaliza chakudya chake. Kale mu 1953 Charles Elton wa ku Oxford, atafufuza m'mafamu a ku England, anapeza kuti amphaka opatsidwa kachakudya pakhomo ndi amene amakhazikika pafupi ndi nkhokwe nkuletsa makoswe kubwerera. Wanjala amapita kutali, kumunda ndi kudambo, kumene tinyama tosavuta kugwira tili, ndipo nyumba imatsala yopanda mlonda. Khoswe wamkulu amaluma, ndipo mphaka wowonda amamuopa. Mwini boti aliyense amadziwa kuti alovi osadya sakoka chilimira usiku wonse. Pali umboni wina wochokera pafupi nafe: mu 2017 Themb'alilahlwa Mahlaba ndi anzake, atafufuza m'makomo 40 a kumudzi ku Eswatini, anapeza kuti makoswe amachepetsa kwambiri kuyendayenda ndi kudya pakhomo pamene pali mphaka ndi galu limodzi. Ntchito yaikulu ya mphaka, tingatero, ndi mantha amene amaika pa makoswe pongokhalapo, ndipo kuti akhalepo payenera kukhala chomusunga.

Masamu ake nawonso sagwirizana ndi omusiya adzisakire yekha. Kuti mphaka wamkulu akhute ndi mbewa zokha amafunika zisanu ndi zitatu kapena khumi pa tsiku, ndipo wamkazi woyamwitsa amafunika kuwirikiza kawiri kapena kupitirira. Nthawi yokolola, mbewa zikachuluka m'minda, mwina angakwanitse. Miyezi ina sangathe, makamaka m'mudzi wothinana ngati Chembe momwe nyumba zagundana pamchenga. Ndiye amachita chimene nyama yanjala iliyonse ingachite: amakwera pathandala, amang'amba thumba, amatenga mwanapiye. Mlonda wasanduka wakuba, ndipo malipiro ake ndi mwala kapena poizoni. Poizoniyo amapha amphaka ambiri ngakhale osamulinga iwo. Tameki amene anthu amathira m'nyenyeswa za nsomba kuti aphe makoswe ndi mankhwala oopsa kwambiri. Khoswe amene wadya amayenda mozandima, ndipo mphaka wanjala ndiye woyamba kumutola nkumudya yense. Banja lomwe lathira poizoni m'nyumba muli mphaka limataya mlonda wake, makoswe nkubwerera pakatha masabata ochepa, osanenanso za ngozi kwa ana okwawa ndi nkhuku. Msampha ndi wabwino koposa, poti mbewa yogwidwa pamsampha ndi chakudya cha mphaka chopanda chiopsezo chimenechi.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha ana, ndipo munthu amene angachipeputse sadziwa Mangochi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo Mangochi, ngakhale ili pa nyanja, inali pamwamba pa chiwerengero chimenechi. Boma limeneli linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Chambo chinatha mphamvu ku Malombe kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo lero usipa ndiwo wanyamula gawo lalikulu la nsomba zonse zogwidwa m'dziko lino, ndiwonso ndiwo ya wosauka. Kodi nkoyenera kukamba za mbale ya mphaka pamene mbale ya mwana ili yopereweza? Yankho langa nlakuti ngati pali kusankha pakati pa awiriwa, mwana ndiye adye, palibe kukambirana. Koma m'madoko kusankha kotere sikuchitika kawirikawiri monga tiganizira. Pamene amayi akutumbula kampango, mlamba kapena chambo kuti awambe, zam'kati zimatayidwa m'madzi kapena pamchenga, kumene zimaitana ntchentche ndi makoswe omwewo. Pansi pa thumba lililonse la usipa pamatsala nyenyeswa zosagulitsika. Pokoka khoka pamatsala tinsomba tophwanyika. Zimenezi, zikawiritsidwa tsiku lomwelo zisanayambe kununkha, dzanja limodzi lokha likwanira kuwonjezera pa zimene mphaka wagwira. Ndipo tiyerekeze dzanja limenelo ndi zimene makoswe amadya, kukodzera ndi kuboola m'nyumba yosungiramo nsomba pa mwezi umodzi. Mphaka wodyetsedwa bwino amateteza ndiwo ya mwana yemweyo. Kutali ndi doko, ku Namwera kapena ku Katuli, kumene nsomba ndi yogula ndi ndalama, mfundo yake ndi yakuti banja lisasunge amphaka ambiri kuposa amene lingathe kuwadyetsa. Mmodzi wamphamvu aposa asanu owonda.

Madokotala a ziweto nawo ali ndi chotsutsa chawo, chochokera mbali ina. Mu 2012 bungwe la American Veterinary Medical Association linalangiza anthu kuti asamadyetse agalu ndi amphaka nyama yaiwisi, chifukwa cha tizilombo ngati Salmonella timene tingadwalitse chiweto ndi mwini wake yemwe. Kumapeto kwa 2024 ku Oregon mphaka anafa ndi chimfine cha mbalame atadya chakudya chaiwisi cha m'sitolo. Madokotalawa amati chakudya cha m'paketi chopangidwa bwino chili ndi zonse zofunika pa mlingo woyesedwa, ndipo pa zimenezi akunena zoona. Amene ali ndi ndalama, kaya ku Mangochi Boma kaya kumalo ogona alendo a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear, akagula chakudya chotere sanalakwe. Koma chambiri chimachokera kunja, mtengo wake ndi wa anthu ochepa, ndipo ku Makanjira simungachipeze pa golosale. Kwa banja la msodzi, kusankha kuli pakati pa mkute ndi nsomba yowiritsa, ndipo pamenepo nsomba ikupambana kutali. Nkhawa ya tizilombo ndi yomveka, ndipo ndi chifukwa china chophikira zonse zimene ife tikumupatsa ndi manja athu. Mbewa imene wagwira yekha sitingaiphike, ndipo imabwera ndi njoka za m'mimba komanso kachilombo ka Toxoplasma kamene kangavulaze mwana wosabadwa. Choncho mphaka wosaka azimwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi ingapo iliyonse, mayi woyembekezera asagwire chimbudzi chake, ndipo nsomba zoyanika zikhale pathandala lokwera osati pamchenga pamene amphaka amafotsera zonyansa zawo.

Kusintha chakudyako kumafuna kudekha komwe kuja kwa oweta ferret, ngakhale kuti mphaka wa kumudzi savuta kwambiri poti fungo la nsomba ndi la mbewa amalidziwa kale. Wovuta ndi wa m'tauni amene wakula ndi za m'paketi. Ameneyu amayamba ndi kusakaniziridwa pang'ono nsomba yowiritsa yosinja m'chakudya chake chakale, mlingo nkumakwera kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka azitafuna tinsomba tathunthu. Chosayenera kuchita ndi kumukhalitsa ndi njala kuti agonje. Mphaka akakhala masiku angapo osadya, makamaka wonenepa, mafuta amadzaza m'chiwindi ndipo akhoza kufa. Ana a mphaka amayamba kulawa chakudya ali ndi masabata anayi, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yowazoloweza mitundu yosiyanasiyana, akadali kuyamwa mpaka masabata asanu ndi atatu. Msuzi wa ndiwo zathu ndi woipa kwa iwo chifukwa cha anyezi ndi adyo, zimene zimaononga magazi a mphaka ndi a galu yemwe. Minga ikuluikulu ya kampango ndi ya nkholokolo, ija yolimba ya pamsana ndi m'mbali, ichotsedwe, chimodzimodzi mafupa a nkhuku ophika amene amathetheka mosongoka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Madzi akumwa azikhalapo nthawi zonse, makamaka chakudya chikakhala nsomba youma ndiponso m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Chikhalidwe cha boma lino chili ndi pomangira. Anthu ambiri a ku Mangochi ndi Asilamu, ndipo m'Chisilamu mphaka ndi nyama yoyera imene imaloledwa m'nyumba. Mashehe amaphunzitsa za chilango cha munthu amene anatsekera mphaka osamupatsa chakudya komanso osamulola kukadzisakira. M'makomo ambiri achisilamu mbewa si ndiwo, choncho palibe kulimbirana pakati pa munthu ndi mphaka monga zimakhalira kumadera kumene kapuku amagulitsidwa pamsewu. Chopinga ndi mantha aja ogwirizanitsa mphaka, makamaka wakuda, ndi ufiti, amene achititsa kuti amphaka ambiri aphedwe mwankhanza. Nyama yoyenda usiku mwakachetechete, ya maso owala mumdima, ikungochita zimene kholo lake vumbwe limachita posaka, ndipo palibe china chobisika pamenepo.

Pali mbali imodzi imene okonda amphaka sakonda kuimva. Mphaka sasiyanitsa khoswe ndi mbalame, buluzi kapena gologolo. Midzi ya Chembe ndi Msaka ili m'kati mwa dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Pa zilumba za padziko lonse, amphaka osiyidwa ndi anthu athetsa mitundu yambiri ya mbalame. Zilumba ngati Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Boadzulu, kumene mbalame za m'madzi zimaswana, si malo opititsako mphaka, ngakhale asodzi ogonera kumeneko atavutika ndi makoswe. Apa zotsatira za ku Exeter zija zikutithandiza: mphaka wodya nyama yokwanira amachepetsa kupha tinyama ta kutchire. Kufula amphaka aamuna ndi kutseka aakazi kungachepetse ongoyendayenda, koma madokotala ochita opaleshoni imeneyi ali makamaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene kuli mabungwe osamalira ziweto a LSPCA ndi BSPCA, ndipo kunyanja amafikako mwa apo ndi apo.

Uphungu wonsewu sufuna pulojekiti yatsopano kapena galimoto zatsopano. Alangizi a ziweto amakumana kale ndi eni agalu ndi amphaka pa masiku a katemera wa chiwewe, matenda amene mphaka nayenso amatenga ndi kupatsira anthu. Bungwe la Mission Rabies, limene linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, lasonyeza kuti anthu amabwera ndi ziweto zawo mwaunyinji akaitanidwa bwino, ndiponso kuti ana a sukulu amafikitsa uthenga kwa makolo. Pa mzere womwewo wa katemera, mlangizi angathe kunena m'mphindi imodzi kuti mphaka apatsidwe nsomba yowiritsa yopanda mchere, asapatsidwe msuzi wa anyezi, ndipo tameki asalowe m'nyumba. Sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe imaphunzitsa alangizi za kasamalidwe ka nsomba zikachoka m'madzi, ndipo kulimbana ndi makoswe mosagwiritsa ntchito poizoni kungathe kukhala gawo la phunziro limenelo. Makomiti a m'madoko, amene amayang'anira kale ukhondo wa pagombe, angaike malo amodzi osonkhanitsira zam'kati za nsomba m'mawa uliwonse, kuti oweta amphaka, agalu ndi abakha azitenga zikadali zabwino, zotsalazo nkukwiriridwa tsiku lomwelo.